Chingwe cha Umoja chodzera kuno ku Zimbabwe kupita ku Australia: ife a kumtunda chikutikhudza bwanji?

Aphunzitsi a ku Highfield

Abale ndi alongo a pagulu lino, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala pamtima panga kwa kanthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati pathu pali ena amene amagwira ntchito yokhudzana nayo. Mu Meyi 2024 kampani ya Google inalengeza za chingwe cha intaneti chotchedwa Umoja, chimene njira yake ikuyambira ku Kenya, kudutsa ku Uganda, Rwanda, Democratic Republic of Congo, Zambia ndi kuno ku Zimbabwe, n'kutsikira ku South Africa, kumene chikalowe m'nyanja ya Indian mpaka kukatulukira ku Australia. Dzinali ndi la Chiswahili, koma aliyense wolankhula Chichewa alimva msanga, pakuti ndi umodzi womwewu. Ichi ndi chingwe choyamba cha faiba (timaulusi tagalasi tonyamula uthenga ndi kuwala) cholinga kulumikiza Africa ndi Australia mwachindunji, ndipo mbali ya pamtunda akuigwira mothandizana ndi Liquid Intelligent Technologies, kampani imene mizu yake ili m'dziko lino.

Funso langa nali. Dziko la Zimbabwe lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo kwathu ku Malawi nyanja tili nayo koma siitifikitsa kutsidya kwa maiko akutali. Nanga chingwe chogona pansi pa nyanja yamchere chikumukhudza bwanji mphunzitsi ngati ine, mayi wogulitsa pa Mbare Musika, kapena gogo wa ku Ntcheu amene amadikira mawu a mdzukulu wake? Ana a m'kalasi mwanga anandifunsa zomwezi, ndipo ndikufuna kukawauza zoona zokhazokha.

Amayi a malonda a ku Mbare

Aphunzitsi, mwachita bwino kuiyamba nkhaniyi, ndipo ine ndiyankha monga munthu amene inamugwera. M'mwezi womwewo wa Meyi 2024 mng'ono wanga anali ku Limbe kukandigulira zitenje, ndipo tinapangana kuti anditumizire zithunzi pa WhatsApp kuti ndisankhe asanakweze katunduyo pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Kwa masiku angapo zithunzizo zinkangozungulira osatsika, tikaimbirana mawu ankadukaduka, ndipo basi inanyamuka katundu wanga atatsala. Ndinataya makasitomala awiri amene ankakonzekera ukwati. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti zingwe zaduka m'nyanja cha ku Durban. Chimene chimandizunguza mpaka lero ndi chakuti kuchoka ku Limbe kufika ku Harare basi imayenda tsiku limodzi, ndiye chithunzi cha chitenje chinkakafuna chiyani m'nyanja ya ku South Africa?

Amisiri a faiba a ku Msasa

Amayi, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Funso lanu lagunda pa mtima penipeni pa nkhaniyi, choncho mundilole nditalikitse pang'ono.

Chithunzi chimene mng'ono wanu anatumiza sichiyenda molunjika kuchoka pa foni yake kufika pa yanu. Chimayamba chakafika ku makompyuta akuluakulu a eni ake a pulogalamuyo, omwe timawatcha maseva, ndipo amenewa ali kunja kwa Malawi ndi Zimbabwe. Chikatero ndi pamene chimabwerera kudzakupezani ku Mbare. Pa ulendo wonsewo, gawo loyenda m'mlengalenga ndi lalifupi kwambiri, kungochoka pa foni kufika pa nsanja ya netiweki. Kuyambira pamenepo uthenga umalowa m'faiba yokwiriridwa m'mbali mwa msewu kapena yopachikidwa pa mapolo a magetsi, mpaka kukafika kugombe. Ifeyo kuno timatulukira ku Beitbridge kupita ku South Africa, kapena ku Mutare kulowa mu Mozambique. Kwathu ku Malawi amatulukira ku Tanzania kupita ku Dar es Salaam, ku Mozambique, komanso ku Zambia.

Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi SEACOM, zinaduka pafupi ndi gombe la KwaZulu-Natal. SEACOM inayamba kugwira ntchito mu Julayi 2009, ndipo imalumikiza Mtunzini (pa gombe lomwelo la South Africa), Maputo, Dar es Salaam ndi Mombasa ku India ndi ku Ulaya. EASSy inatsatira mu 2010, ndi yotalika makilomita pafupifupi 10,000 kuchoka ku Mtunzini kufika ku Port Sudan, ndipo TelOne, kampani ya mafoni ya kuno, ili ndi gawo m'kampani ya WIOCC yomwe ndi mmodzi mwa eni ake a chingwechi. Vutolo linakula chifukwa linapeza njira zina zili kale pa mavuto. Mu Febuluwale chaka chomwecho zingwe zitatu zinali zitaduka mu Red Sea, ndipo pa 14 Malichi zingwe zinayi, WACS, SAT-3, ACE ndi MainOne, zinaduka cha ku gombe la Côte d'Ivoire. Pamene mbali ya kummawa inadukanso, uthenga wa maiko ambiri unapanikizana pa njira zochepa zotsala, monga mmene zimakhalira mlatho umodzi ukakokoloka magalimoto onse n'kukhamukira pa kamsewu kamodzi kafumbi.

Wophunzira wa ku Mount Pleasant

Achimwene a ku Msasa, zikomo kwambiri. Ine ndakhala ndikuganiza kuti intaneti ya pakati pa maiko imadzera pa setilaiti. Popeza Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inafika ku Malawi mu 2023 ndiponso kuno ku Zimbabwe mu 2024, kodi zingwezi sizili pafupi kutha ntchito? Bwanji kuwononga chuma chochuluka kuyala chingwe mpaka ku Australia?

Amisiri a faiba a ku Msasa

Mng'ono wanga, ambiri amaganiza choncho, koma zoposa 95 peresenti za uthenga wodutsa pakati pa makontinenti zimayenda m'zingwe za pansi pa nyanja. Chifukwa chachikulu ndi kuchuluka kwa katundu amene chingwe chimodzi chimanyamula. Mkati mwake muli timaulusi tagalasi toonda ngati tsitsi, ndipo m'kaulusi kamodzi amatumizamo kuwala kwa mitundu yambirimbiri nthawi imodzi, mtundu uliwonse utasenza uthenga wakewake. Timaulusito amatikuta ndi mawaya achitsulo, mkuwa ndi pulasitiki. M'nyanja yakuya chingwe chonsecho chimangonenepa ngati paipi yothirira dimba, ndipo chimangogona pansi osakwiriridwa. Pafupi ndi gombe ndi pamene amachivekanso zitsulo zina n'kuchikwirira ndi khasu lalikulu lokokedwa ndi sitima. Popeza kuwala kumafooka kukayenda mtunda wautali, pakatha makilomita makumi angapo amaikapo chida chokulimbitsanso, ndipo zida zimenezi zimalandira magetsi kuchokera kugombe kudzera mu mkuwa uja.

Setilaiti ndi yothandiza kwambiri kumadera kumene faiba sinafike, monga ku mafamu, ku migodi ndi ku zipatala za kumidzi, ndipo sindikuinyoza. Koma ngakhale uthenga wa pa Starlink umatsikira pa siteshoni ya pansi n'kulowa m'faiba yomweyi. Anthu a ku Tonga ndi amene anaona kusiyana kwake mu Januwale 2022, pamene phiri la pansi pa nyanja linaphulika n'kudula chingwe chawo chimodzi chokhacho. Anakhala pafupifupi masabata asanu akudalira setilaiti, yomwe sinathe kunyamula zonse zimene dzikolo linazolowera.

Agogo a ku Mufakose

Ana anga, ndawerenga zonse mwachifatse, ndipo mdzukulu wanga ndiye akundilembera pamene ine ndikulankhula. Nkhani ya nthambo yodutsa m'dziko lino si yachilendo ayi. Kale mu 1879 azungu anayala nthambo ya lamya pansi pa nyanja kuchoka ku Aden kudzera ku Zanzibar, Mozambique ndi Delagoa Bay mpaka ku Durban. Kenako m'zaka za m'ma 1890 Cecil Rhodes anayambitsa kampani yoti imange nthambo ya pamtunda yochoka ku Cape kukafika ku Cairo, ndipo inachokadi mu mzinda uno, umene panthawiyo unkatchedwa Salisbury, kudzera ku Tete, Blantyre, mpaka kumpoto ku Karonga n'kupitirira. Ku Cairo sinafike. Amene ananyamula mapolo achitsulo pamutu ndi kulambula njira m'tchire anali makolo athu, koma nthamboyo inkadutsa pamwamba pa midzi yawo itanyamula mawu a abwanamkubwa ndi eni migodi.

Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchoka ku Ntcheu kudzafuna ntchito. Amayi awo atamwalira, uthenga unayenda ndi munthu kuchoka kumudzi kufika kuboma, kuchoka kumeneko n'kutumizidwa pa lamya, ndipo unawapeza pakomboni maliro ataikidwa kalekale. Anakhala panja usiku wonse atagwira kapepalako. Ine ndinali kamnyamata koma sindiiwala. N'chifukwa chake ambiri a ife tinasanduka matchona, pakuti kwathu kunali kutali ngakhale ndi mawu omwe. Lero ndimaona nkhope ya mlongo wanga ali ku Ntcheu ine ndili pampando wanga, ndipo ndimayamika. Koma ndikamva kuti chingwe china chidutsa m'dziko lino kupita ku Australia, ndimafunsa funso limene makolo aja akanafunsa: kodi chidzaima pakhomo pathu, kapena chidzangodutsa ngati chija cha Rhodes?

Owerengera ndalama a ku Avondale

Agogo, mwafunsa zimene ine ndimafuna kunena, ndipo mwazinena bwino kuposa mmene ndikananenera. Ndikupempha kuti tisathamangire kuomba m'manja. Zingwe zakale monga EASSy ndi WACS anazimanga ndi makampani a mafoni a maiko osiyanasiyana atasonkherana ndalama, ndipo ena mwa iwo ndi a maboma athu. Zingwe zikuluzikulu zatsopano akuzitsogolera ndi makampani a ku America. Google ili ndi Equiano, yomwe inachoka ku Portugal n'kufika ku Lomé, Lagos, Swakopmund ku Namibia ndi Melkbosstrand ku South Africa mu 2022. Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, ndi amene ali patsogolo pa 2Africa, chingwe cha makilomita 45,000 chokhudza maiko 33, chimene ku Mozambique chinakocheza ku Maputo ndi ku Nacala. Makampani amenewa sayala zingwe chifukwa cha chifundo. Akufuna kulumikiza nyumba zawo zosungira maseva, monga zimene Google inatsegula ku Johannesburg kumayambiriro kwa 2024, ndiponso akufuna kuti ife tizikhala nthawi yaitali pa mapulogalamu awo.

Chachiwiri, mtengo wa bandulo imene mumagula sudalira nyanja yokha. Muli mtengo wonyamula uthenga kuchoka kugombe kudutsa m'dziko la eni, umene dziko lopanda gombe silingauthawe. Muli dizilo woyendetsera majenereta a nsanja magetsi akazima, ndipo tonse tikudziwa mmene amazimira kuno ndi kwathu komwe. Muli ndalama zakunja zogulira zipangizo. Mulinso misonkho, pakuti maboma onse awiri anaika msonkho wapadera wa 10 peresenti pa data kuwonjezera pa VAT. Zingwe zachuluka m'nyanja chiyambire 2009, koma mayi wa kumudzi amagulabe bandulo ya tsiku limodzi mowerengera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Onaninso kuti pa mndandanda wa maiko amene aphunzitsi atchula, Malawi palibe.

Aphunzitsi a ku Highfield

Achimwene a ku Avondale, mfundo ya misonkho ndi magetsi ndaimva ndipo sindikutsutsa. Koma pa mfundo yakuti zingwe sizinasinthe kanthu, ndikusiyana nanu. Ine ndinayamba kuphunzitsa zingwe za kummawazi zisanabwere, ndipo ndikukumbuka kukhala mu kefe ya intaneti m'tauni ndikudikira tsamba limodzi kuti litseguke pamene ola lolipira likutha. Lero ana anga amaonera phunziro la sayansi pa foni ya mayi awo. Kusintha kumeneku sikunagwe kumwamba. N'zoona kuti eni ake akufuna phindu, koma ngakhale mwini basi ya Harare kupita ku Blantyre amafuna phindu, ndipo ife timafikabe kwathu. Chimene tiyenera kulimbana nacho, mmene ndikuonera ine, ndi chakuti basiyo izikhala ndi poimira pathu ndiponso mtengo wake usakhale wa munthu mmodzi wopanda wopikisana naye.

Owerengera ndalama a ku Avondale

Aphunzitsi, sindinanene kuti sizinasinthe kanthu. Ndikunena kuti phindu lake limachepa likamayenda kuchoka kugombe kubwera kumtunda, ndipo likamafika kwa munthu wamba limakhala litatsala pang'ono. Fanizo lanu la basi ndalilandira, koma basi ikakhala ya mlendo, msewu wa mlendo, ndi malo okwerera a mlendo, tsiku limene adzasinthe malamulo ake tidzadandaula kwa yani?

Amayi a ku Dzivarasekwa

Ndakhala ndikungowerenga, koma Australia itatchulidwa ndaona kuti ndilankhulepo. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Perth, ndipo kumeneko ali patsogolo ndi maola 6, choncho nthawi yoti tilankhulane imakhala yochepa, iye akuweruka ine ndikukonza chakudya chamasana. Tikaimbirana pa vidiyo, ine ndikafunsa funso pamakhala kachete, ndiye ndimayambanso kulankhula pamene yankho lake likufika, mapeto ake timalankhulira limodzi osamvana. Mdzukulu wanga, amene anabadwira komweko, ndimafuna kumuphunzitsa nyimbo za kwathu, koma kuimba limodzi kumakanika chifukwa mawu ake amabwera m'mbuyo. Achimwene a ku Msasa, kodi chingwe chimenechi chingachotse kuchedwa kumeneku?

Amisiri a faiba a ku Msasa

Amayi, kuchotseratu ayi, koma kuchepetsa inde, ndipo chifukwa chake ndi mtunda. Kuwala m'galasi kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Liwiro limeneli ndi lalikulu, koma lili ndi malire, ndipo palibe katswiri amene angaliwonjezere. Popanda chingwe cholunjika, mawu anu amayamba akwera kumpoto, kaya kudzera ku Ulaya kaya ku Asia, kenako n'kutsikanso kummwera kukafika ku Perth, ndipo yankho limabwerera njira yokhotakhota yomweyo. Pa makilomita 10,000 aliwonse owonjezera, uthenga umachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi popita pokha, osawerengera makina amene umaimapo panjira. Chingwe chodutsa nyanja ya Indian molunjika chimadula njira yozungulirayo. Zofanana ndi zimenezi zinachitika mu 2018 pamene chingwe cha SACS chinalumikiza Angola ndi Fortaleza ku Brazil, moti uthenga wopita ku South America unasiya kuyamba wakazungulira ku Ulaya ndi ku North America. Komabe gawo lina la kuchedwa kumene mukukuona limachokera pafupi pomwepa, pa nsanja ya m'dera lanu ikadzaza anthu madzulo, ndipo limenelo chingwe cha m'nyanja sichingalikonze.

Ndibwerere kwa agogo ndi kwa achimwene a ku Avondale, pakuti mafunso awo ndi olemera. Kwa ine, monga munthu amene ndimadzutsidwa usiku faiba ikaduka, phindu lalikulu la Umoja si Australia ayi, koma mbali ya pamtunda ija. Amene munakumbapo mbewa mukudziwa kuti mbewa ya una wopanda potulukira pachiwiri sichedwa kugwidwa. Njira yolimba yochoka ku Kenya kufika ku South Africa kudzera mkati mwa kontinenti ikutanthauza kuti zingwe za kugombe la kummawa zikadukanso ngati mu Meyi muja, uthenga uli ndi kothawira. Ndipo kuduka sikudzatha. Padziko lonse zingwe zimawonongeka ka 150 mpaka 200 pachaka, kawirikawiri chifukwa cha makoka a asodzi ndi anangula a sitima, nthawi zinanso chifukwa cha kugumuka kwa matope pansi pa nyanja, monga zimachitikira pamene mtsinje wa Congo umathira m'nyanja, pomwe WACS ndi SAT-3 zinaduka mu Januwale 2020 ndi mu Ogasiti 2023.

Kukonza kwake si kwa tsiku limodzi. Sitima zogwira ntchitoyi ndi zochepa kwambiri, ndipo imene chigawo chathu chakhala chikudalira ndi Léon Thévenin, yokocheza ku Cape Town. Amayamba ayeza kuchokera kugombe kuti adziwe pamene kuwala kukuthera, sitima n'kupita pamalopo, n'kuponya mbedza yaikulu yokokera chingwe pamwamba. Akakweza mbali imodzi amaimangirira pa choyandama, n'kukasaka inzake, kenako amisiri amalumikiza timaulusi tija kamodzikamodzi m'chipinda choyera bwino, nyanja ikuwinduka kunja. Sitimayo ikakhala kuti ili kumadzulo kwa Africa pa ntchito ina, a kummawa amadikira.

Pa funso lakuti chidzaima pakhomo pathu kapena ayi, faiba siili ngati mtsinje woti aliyense wa m'mbali mwake angatungemo. Umalowamo pokhapokha pamene aika polumikizira, ndipo amene amalowa ndi makampani ogula gawo. Apa ndi pamene mabungwe oyang'anira za mafoni ndi intaneti, POTRAZ kuno ndi MACRA kwathu, ali ndi ntchito, yoonetsetsa kuti makampani ang'onoang'ono nawonso akugulitsidwa gawo pa mtengo woyenera. Malawi, ngakhale sali pa mndandanda, ali pafupi ndi njirayi kudzera ku Zambia, pa chipata cha Mchinji ndi Chipata.

Amayi a malonda a ku Mbare

Tsopano ndamvetsa kumene zitenje zanga zinatsakamira. Koma achimwene, mwati mumadzutsidwa usiku faiba ikaduka. Kuno kumtunda kulibe nangula kapena makoka, ndiye amaidula ndani?

Amisiri a faiba a ku Msasa

Amaidula ndi ife tomwe, amayi. Ogwira ntchito za misewu ndi mapaipi a madzi amakumba osafunsa pamene chingwe chadutsa, moto wolusa umaotcha yopachikidwa pa mapolo, ndipo akuba amaifukula poganiza kuti muli mkuwa wokagulitsa. Faiba ya pamtunda ilibe mkuwa woti munthu angapindule nawo, ndi galasi ndi pulasitiki basi. Chaka chatha ndinagona m'mbali mwa msewu waukulu usiku wa chisanu cha Juni ndikulumikiza malo amene anyamata ena anadula, ndipo chidutswa chimene anabacho tinachipeza atachitaya pa mtunda wosakwana mamita 100 ataona kuti n'chopanda ntchito kwa iwo. Usiku umenewo chipatala cha m'deralo ndi mabanki a m'tauni yoyandikana nayo zinalibe netiweki. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa chingwe chimene chinapulumuka m'nyanja yakuya makilomita zikwizikwi chinadzagonja ndi khasu la mnansi.

Agogo a ku Mufakose

Mwana wanga wa ku Msasa, Mulungu akusunge pa ntchito imeneyo. Ndamva kuti poimira pake alipo, koma amachita kupempha ndi kulipira. Ndiye inu amene mumadziwa kulemba makalata a kuboma, a ku Avondale ndi aphunzitsi, musangotsutsana pano. Lemberani mabungwe mwatchulawo, mufunse kuti makampani ang'onoang'ono adzagula bwanji gawo, ndiponso kuti njira ya ku Mchinji ikukonzedwa motani. Dzina langa mulembe poyamba.

Aphunzitsi a ku Highfield

Agogo, tamva. Achimwene a ku Avondale, ngati mukuvomera, inu mulembe ndime ya misonkho ndi mitengo, ine ndilemba ya masukulu, ndipo tidzaiika pano kuti aliyense aione isanatumizidwe. Achimwene a ku Msasa, ndili ndi pempho limodzi. Ngati muli ndi kachidutswa ka faiba kotsala pa ntchito, mundibweretsere Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndikufuna ana aja akagwire ndi manja awo, ndiwaunikire tochi mbali imodzi aone kuwala kukutulukira mbali inayo, kenako titsegule mapu tiyeze ndi ulusi kuchoka ku Harare kudzera ku London kukafika ku Perth, n'kuyezanso kudzera ku Durban.

Amisiri a faiba a ku Msasa

Ndibweretsa ziwiri, aphunzitsi, china chosenda kale kuti timaulusi tizioneka. Koma muwachenjeze anawo kuti asathyole nsonga zake ndi zala, pakuti galasi lake likalowa pakhungu silioneka ndipo limavuta kuchotsa.